Za Buku la Nthondo

Mwa mabuku a nthano olembedwa m'Cinyanja, ndi owerengeka amene akondedwa monga Nthondo, buku la Samuel Nthara limene linaturuka m'caka ca 1933. Mphamvu yace iri pa Nthondo mwini. Iye ali mnyamata wakuba ndi wosamvera akulu, ndipo wowerenga amzindikira msanga, pakuti mudzi uli wonse uli naye Nthondo wace. Koma pofika pa kutembenuka mtima kwace nkhani ithamanga, ndipo munthu wamoyo uja atsala pang'ono kusanduka ciphunzitso cabe. Anyamata ndi atsikana ofuna kulemba asaiwale ici: ciphunzitso, cingakhale cokoma cotani, sicingacirikize buku ngati anthu a m'menemo alibe mpweya.