Mussorgsky ndi Anthu Owongola Nyimbo za Anzawo

Modest Mussorgsky anamwalira m'chipatala cha asilikali ku St Petersburg mu Marichi 1881, atangokwanitsa zaka 42. Kutatsala masiku ochepa kuti atsikire kuli chete, Ilya Repin anamujambula chithunzi cha utoto: mphuno yofiira ndi moŵa, tsitsi losapesa, maso oyang'ana kumbali. Ambiri olemba za munthuyu amayambira pa chithunzicho nathera pomwepo, kuti anali chidakwa chaluso koma chosaphunzira, chimene nyimbo zake zinafunika munthu wina kuti aziwongole. Za moŵazo nzoona. Koma za kusaphunzirazo tizimve ndi khutu limodzi, pakuti amene anazifalitsa ndi omwewo amene anagwira ntchito yowongolayo.

Anabadwa mu 1839 ku Karevo, m'chigawo cha Pskov, m'banja la eni minda. Analoŵa usilikali mu 1856, nausiya mu 1858 kuti alimbike zopeka nyimbo motsogozedwa ndi Mily Balakirev. Mu 1861 boma linamasula anthu olima minda ya mabwana (ife a kuno ku Zomba tingayerekeze ndi thangata, kungoti kumeneko munthu ankabadwa ali kale wa mwini munda), ndipo chuma cha banjalo chinaloŵa pansi. Kuyambira mu 1863 Mussorgsky anayamba kudyera ukalaliki wa boma, mpaka anamuchotsa mu 1880. Anzake a gulu la Asanu nawonso anali ndi ntchito zina: Borodin katswiri wa kemisitiri, Rimsky-Korsakov msilikali wa pamadzi, Cui injiniya wa malinga a nkhondo. Onseŵa ankakayikira sukulu ya nyimbo imene Anton Rubinstein anatsegula mu 1862, poti inkaphunzitsa malamulo ochokera ku Germany.

Chimene Mussorgsky ankafuna n'chosavuta kunena, koma n'chovuta kuchita: kuti nyimbo itsate mmene munthu amayankhulira, ikwere pamene mawu akwera, ipume pamene woyankhula apuma. Mu 1868 anatenga seŵero la Gogol lotchedwa The Marriage naliika m'nyimbo mmene linalili, osalisandutsa ndakatulo. Anatsiriza gawo limodzi lokha n'kulisiya. Kunena zoona, chigawocho chimatopetsa kumvetsera, koma ndipo pamene ananolera nkhwangwa yake.

Mtengo umene anagwetsa nayo ndi Boris Godunov, seŵero loimba lochokera m'seŵero la Pushkin, limene boma silinalole kuti lionetsedwe mpaka 1866. Taonani mmene likuyambira. Khamu la anthu wamba lagwada, likupempha Boris kuti avomere ufumu. Koma akupempha chifukwa wapolisi waŵaimirira ndi chikoti. Akangopotoloka, anthuwo amayamba kufunsana chimene akulirira, amayi n'kumakangana zawozawo. Nyimbo yopembedzera ndi manong'onong'owo zikumveka moyandikana, ndipo womvera amadziŵa yekha mawu enieni a anthuwo. Amene anaonako amayi atakwezedwa pa lole kukavina ku msonkhano wa chipani m'zaka za m'ma 1970 safuna womasulira pamenepa.

Komiti ya nyumba za maseŵero za mfumu inakana ntchitoyi mu 1871, mwa zina chifukwa munalibe gawo lalikulu la mkazi. Mussorgsky anailembanso, nawonjezera Marina, mkazi wa ku Poland, ndipo inaonetsedwa mu 1874. Anthu anaombera m'manja. Amene anaithira mphepo m'nyuzipepala anali Cui, mnzake wa m'gulu lomwelo.

Atamwalira, mapepala ake anagwera m'manja mwa Rimsky-Korsakov, amene anagonapo naye chipinda chimodzi, koma amene kuyambira 1871 anali mphunzitsi pa sukulu ija ankainyoza. Munthuyu sanali mdani. Anasiya ntchito zake natsiriza Khovanshchina imene mwini wake anaisiyira panjira, nakonza Night on Bald Mountain mu 1886 ndi Boris mu 1896. Boris amene anagwedeza Paris mu 1908, Chaliapin akuimba, anali wa Rimsky-Korsakov. Popanda iye mwina dzina la Mussorgsky likanakwiririka. Ndipo tisabise: Mussorgsky ankayamba zambiri osatsiriza, ndipo pena zida zake zoimbira zimamveka zoonda. Vuto n'lakuti wokonzayo sanasiyanitse chilema ndi cholinga. Pamene mawu ankagundana mwaukali anawasalaza. Pamene kagundidwe ka nyimbo kankatsimphina motsata chiyankhulo anakaimika. Pamene panali mdima anayatsapo nyali. Mfumu yovutika ndi chikumbumtima inatuluka itavala zonyezimira. Zolemba zenizeni za mwini wake zinasindikizidwa mu 1928 ndi Pavel Lamm, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti nyumba zikuluzikulu zibwerere kwa izo.

Nanga ife a m'chigwa cha Domasi zikutikhudza bwanji? Mishoni ya Church of Scotland inafika kuno mu 1884, ndi Alexander Hetherwick, munthu amene anaphunzira Chiyao ndi Chinyanja mpaka kulemba mabuku a galamala. Koma nyimbo zambiri zimene mamishoni anatisiyira ndi mawu athu ovekedwa maimbidwe a ku Ulaya. Chicheŵa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasintha tanthauzo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa kamvekedwe kokha. Chinanso, ife timakoka phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto, pamene nyimbo zambiri za Chingerezi zimagunda phatikizo lotsiriza la mzere. Imbani mosamala Lamulungu likubwerali, mudzamva mawu ena akuyenda chagada. Tinazoloŵera, tinazikonda, ena tinaikira nazo makolo athu m'manda, ndipo sindikunena kuti tizitaye. Kumpoto Donald Fraser anayesa njira ina ku Loudon, polimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe awoawo, ndipo za Mawelera Tembo ndi anzake zikuimbidwabe.

Chondidetsa nkhaŵa ndi Rimsky-Korsakov wa kwathu, amene ndi munthu wabwino ngati mnzake wa ku Russia. Ndi mphunzitsi wa kwaya amene wamva nyimbo ya pamtondo kapena ya chinamwali, waikonda, ndipo afuna kuipulumutsa. Amailemba m'solofa, naigaŵa panayi: sopulano, alito, tena, besi. Liwu limene silikukwana pa makwerero a do-re-mi amalikankhira pa loyandikana nalo. Kulandizana kwa wotsogolera ndi ovomera, kumene wina amaloŵa mnzake asanatsirize, amakudula kuti onse ayambire ndi kuthera pamodzi. Nyimbo imatuluka yaukhondo, imapambana pa mpikisano, koma agogo amene anaiphunzitsa amaimvera ngati mlendo. Ndipo poti kuno ku Domasi ndi kumene aphunzitsi amasulidwa ndi kumene Malawi Institute of Education imakonza masilabasi, chimene chawongoledwa kuno chimakafika ku Nsanje ndi ku Chitipa.

Pali kusiyana kumodzi kumene kumaŵaŵa. Rimsky-Korsakov sanatenthe mapepala a mnzake. Anasungidwa, n'chifukwa chake Lamm anapeza poyambira. Nyimbo ya pamtondo ilibe pepala, ndipo chigayo chinalanda kale ntchito ya mtondo m'midzi yambiri. Yokonzedwayo ikaloŵa m'buku, yoyambayo imatsala m'kamwa mwa amayi oŵerengeka. Zina mwa zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ulendo wa masiku angapo pa basi kuchokera pa Domasi.