Ngale ndi bwato m'buku la The Pearl

Mwana wa sekondale ku Nkhata Bay akatsegula The Pearl, buku la John Steinbeck la mu 1947 limene amawerenga pokonzekera MSCE, amathamangira dikishonale. Imamuuza kuti pearl ndi ngale, kanthu konyezimira kopezeka m'nkhono za m'nyanja yamchere. Amalemba m'kope n'kuloweza, basi. Nyanja yathu ilibe ngale, choncho liwulo limangokhala m'kopemo kudikira mayeso.

Steinbeck amalipatsa tanthauzo liwuli polidutsitsa m'maso mwa anthu osiyanasiyana. Kino, mwini nkhani, akayang'ana ngale yake amaona ukwati wa kutchalitchi, mfuti ndi mwana wake Coyotito ali pasukulu. Dokotala amene anakana kuchiza mwanayo atalumidwa ndi chinkhanira amayamba kulota za ku Paris. Wansembe amakumbuka kuti tchalitchi likufunika kukonza. Juana, mkazi wa Kino, ndiye amaonamo tsoka. Luso lilipo ndithu, kungoti wolembayu amatitafunira kwambiri: mobwerezabwereza amatiuza yekha kuti ngaleyo yasanduka yoipa, ngati sitikanazindikira tokha.

Kwa ine liwu lomwe analigwira bwino ndi canoe. Bwato la Kino agogo ake anabwera nalo kuchokera ku Nayarit, n'kulisiyira bambo ake, kenako iye. Chaka ndi chaka amalimata mwa njira imene anaphunzira kwa bambo akewo. Wolemba amatchula zimenezi mwachidule n'kupitirira. Ndiye pamene Kino akufuna kuthawa usiku n'kupeza bwatolo alibowola pansi, owerenga amamva kuwawa popanda wowauza kuti alire.

Apa mwana wa ku Nkhata Bay amaposa mnzake wa ku Lilongwe. Iye waona bwato likusemedwa pa mtengo umodzi, waona msodzi akutseka mng'alu ndi phula madzulo asanapite kokawedza usipa ndi nyali. Akudziwa kuti pakhomo pamene bwato lasweka, nsima imavuta. Nawonso ogula ngale a ku La Paz, kwawo kwa Kino, amene amapangana kugwetsa mtengo n'kuyamba ndi mapeso 1,000 okha, sangamudabwitse, chifukwa wamva kale mmene mtengo wa nsomba umagwera m'mawa pagombe ogula akagwirizana.

Aphunzitsi, musayambe ndi mndandanda wa matanthauzo pabolodi. Awuzeni anawo afufuze malo onse amene canoe yatchulidwa m'bukumo, anene amene ali nalo pafupi ndi chimene chikumuchitikira. Dikishonale aitsegule pambuyo pake.