Ishiguro ndi Anthu Ake Osanena Zakukhosi

Amene sanawerengepo Kazuo Ishiguro ayambe ndi The Remains of the Day, buku la mu 1989 lomwe linapata mphoto ya Booker. Ukamufotokozera mnzako nkhani yake, angaganize kuti mulibe kanthu. Stevens, mkulu woyang'anira antchito panyumba yaikulu ya Darlington Hall, akutenga galimoto ya bwana wake watsopano wa ku America mu Julaye 1956, ulendo wa ku Cornwall kukaona Miss Kenton, mayi amene ankagwira naye ntchito zaka zambiri zapitazo. Akuti akufuna akamufunse ngati angabwerere pantchito. Owerengafe timadziwa msanga kuti chamuyendetsa mtunda wonsewo ndi chikondi, koma mwini wake angalumbire kuti ayi.

Luso la Ishiguro lili pamenepa. Amapereka nkhani m'manja mwa munthu amene akudzinamiza, n'kumusiya ayankhule mpaka mawu ake omwe amugwire.

Taonani usiku wina wa mu 1923. Lord Darlington, bwana wa Stevens nthawi imeneyo, waitana akuluakulu a mayiko kudzakambirana zochepetsa chilango chimene Germany inapatsidwa itagonja pankhondo. M'kachipinda kapamwamba bambo ake a Stevens, amenenso ndi wantchito panyumbapo, ali kayakaya. Stevens akukwera, akutsika, akuthirira alendo zakumwa, akusamala mlendo wa ku France, Dupont, amene akudandaula matuza kumapazi. Bambowo akumwalira mwana wawo ali pantchito, ndipo wowatseka maso ndi Miss Kenton. Dokotala atafika mochedwa, Stevens akumupempha kuti akaone mapazi a mlendo uja. Palibe pamene Stevens akutiuza kuti analira. Timamva kuchokera kwa bwana wake, amene akumufunsa ngati ali bwino poti akuoneka ngati akulira, iye n'kuyankha kuti ndi kutopa chabe. Ndiye pomaliza mutuwo akutiuza kuti usiku umenewo amaukumbukira monyadira. Mlembi wina akanathira misozi tsamba lonse. Ishiguro waibisa m'funso la munthu wina, ndipo ikupweteka koposa.

Chinanso n'chakuti Stevens amasokoneza zimene akukumbukira. Akunena kuti tsiku lina anaima pakhomo pa chipinda cha Miss Kenton akudziwa kuti mayiyo akulira mkatimo, ndipo akuti linali tsiku limene anamva za imfa ya azakhali ake. Patsogolo akudzikonza: ayi, unali usiku umene mayiyo anamuuza kuti wavomera kukwatiwa ndi mwamuna wina. Kusuntha kwa kachithunzi kamodzi kameneka kukuulula zimene masamba onse apitawo amabisa. Momwemonso ndi atsikana awiri achiyuda amene anawachotsa ntchito bwana wake atalamula. Akufotokoza ngati nkhani ya ndondomeko ya panyumba, ndipo pang'onopang'ono timazindikira kuti munthu amene anamutumikira ndi mtima wonse ankagwiritsidwa ntchito ndi a Nazi. Amene agogo awo anaphikapo m'nyumba za azungu ku Zomba, ku Salisbury kapena ku Joni aimva nkhaniyi mwa njira yawoyawo: ulemu wa wantchito wokhulupirika ndi weniweni, koma umadyanso mwini wake.

Mwina maso amenewa Ishiguro anawapeza chifukwa cha mmene anakulira. Anabadwira ku Nagasaki mu 1954, n'kubwera ku England ndi makolo ake mu 1960, ali ndi zaka zisanu. Kunyumba ankayankhula Chijapani, kunja Chingerezi, choncho makhalidwe a Angerezi anawaphunzira poonerera. Chingerezi cha Stevens n'chosalala mopitirira, chochita kusita, ndipo Ishiguro anachipanga dala chotero.

Buku lachiwiri kuwerenga likhale Never Let Me Go la mu 2005. Wofotokoza ndi Kathy H., wa zaka 31, amene akukumbukira sukulu yogonera komweko ya Hailsham ndi anzake Ruth ndi Tommy. Kuulula chinsinsi chake sikuwononga buku, pakuti mlembi sanachiike ngati msampha: anawa anachita kupangidwa kuti akakula azichotsedwa ziwalo zoika mwa anthu ena mpaka afe. Chodabwitsa n'chakuti Kathy amathera nthawi pa timikangano ta kusukulu, kaseti yomwe inasowa, ndani amakonda ndani, pomwe imfa ili pakhomo. Anthu ena amakwiya kuti bwanji sakuthawa, poti ali ndi galimoto ndipo palibe mlonda. Ine ndikuona kuti bukuli likanafa pomwepo akanathawa. Chachikulu chimene amapempha ndi kuwonjezeredwa zaka zochepa chabe, ndipo nachonso chikupezeka kuti chinali mphekesera.

Mabuku ena ndiwatchula mosamala. An Artist of the Floating World la mu 1986, la wojambula wokalamba wa ku Japan amene anatumikira boma lokonda nkhondo, ndi m'bale wake weniweni wa Stevens, ndipo ndi lalifupi. The Unconsoled la mu 1995 musayambire pamenepo: masamba oposa 500 a woimba piyano amene akuyenda ngati ali m'maloto, ena amati ndi lopambana onse, ena amalisiya pakati. The Buried Giant la mu 2015 lili ndi funso lolemera, ngati mtundu wa anthu ungakhale pamtendere popanda kuiwala zoipa zimene unachita, koma limayenda mwaulesi. Klara and the Sun, limene linatuluka mu 2021 atalandira kale mphoto ya Nobel mu 2017, ndi lokoma, kungoti wowerenga kale Kathy aona kuti njirayi anaidutsapo.

Filimu ya The Remains of the Day ya mu 1993 ya Anthony Hopkins ndi Emma Thompson ndi yabwino, koma muionere mutawerenga buku. Kamera imatisonyeza nkhope ya Stevens mwachindunji, pomwe m'buku tilibe mboni ina koma iye yekha, ndipo ntchito yomugwira bodza ndi yathu.