Ndime zitatu za chenjezo la FDA kwa ofuna kukulitsa mabere

Mu Okutobala 2021, bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linalamula kuti timatumba toika m'mabere, ta silikoni ngakhalenso ta madzi amchere, tizigulitsidwa ndi chenjezo lolembedwa m'bokosi. Lili ndi ndime zitatu zokha, ndipo kulimba kwa mawu ake kumachepa pamene munthu akuwerenga chotsika.

Yoyamba sizungulira. Ikuti timatumbati si ta moyo wonse, ndipo tikakhalitsa m'thupi chiopsezo chimakula, mpaka ena amabwerera ku opaleshoni. Sikuloza chala dokotala wosasamala kapena kampani yachinyengo. Ikuloza nthawi. Thupi limamanga chipsera kuzungulira kathumbako, ndipo chipseracho chikakungika bere limauma ndi kupweteka. Ka silikoni kakhoza kung'ambika mwini wake osamva kanthu. Zithunzi zokopa makasitomala zimaonetsa bere limene langopola kumene, pomwe ndimeyi ikunena za bere lomwelo patapita zaka 10 kapena 20. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani, ngakhale maso a ambiri amathamangira pa khansa.

Khansayo ili m'ndime yachiwiri: BIA-ALCL, yomwe imagwira chitetezo cha m'thupi ndipo imapezeka kwambiri mwa amene anaikidwa timatumba tokhakhala kusiyana ndi tosalala. Olemba akuvomera kuti chiwerengero chenicheni sichinadziwike bwino, kenaka akuponya chiganizo chachifupi chonena kuti ena anamwalira. Pofika nthawiyi n'kuti kampani ya Allergan itachotsa kale pamsika timatumba take tokhakhala ta Biocell mu 2019.

M'ndime yachitatu mwini mawu wasintha. FDA sikunenanso zimene yatsimikiza, ikungofotokoza zimene odwala akhala akudandaula: kupweteka m'mfundo, kutopa kosatha, kusokonezeka mutu. Ena angati uku n'kuzemba. Ine ndikuona chilungamo, chifukwa madandaulo a amayi aja alembedwa ngakhale umboni usanakwane.

Chondidetsa nkhawa ndi fomu imene inabwera limodzi ndi chenjezoli, yoti dokotala ndi wodwala asaine onse. Siginecha yolembedwa mothamanga imateteza chipatala kuposa mayi. Musanasaine, funsani ngati kathumbako ndi kosalala kapena kokhakhala, ndipo musunge khadi lofotokoza za kathumbako. Ngati ndi ka silikoni, FDA imalangiza kuunikidwa ndi MRI kapena ultrasound pakatha zaka 5 kapena 6, kenaka zaka 2 kapena 3 zilizonse. Ndalama zimenezo muziwerengere limodzi ndi za opaleshoni.