Ku Mkaika Gule Tinamuona, Koma Kodi Tinamumva?

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti ndinaima padzuwa ku Mkaika, fumbi lili kobo, kudikira kuti gulu la kwathu ku Vubwi lilowe m'bwalo. Tinali titafika Lachinayi pa lole kudzera ku Chadiza, ng'oma zitakulungidwa m'masaka, amayi oimba atakhalira matumba a ufa. Nthawi yathu itakwana mbalule inaitana, chilombo chinatulukira, amayi anakweza nyimbo. Pomwepo wolengeza naye anayamba kulankhula pa zokuzira mawu. Anatiuza dzina la chilombocho, dera limene chachokera ndi phunziro limene tiyenera kutolapo. Atangomaliza anapempha kuti gulu lathu lipereke mpata kwa anzathu. Mayi ena amene ndinaima nawo pafupi, ochokera ku Mchinji, ananditembenukira nati, "Achimwene, kodi aimba kuti chiyani?" Ndinasowa chowayankha, chifukwa nanenso sindinamve liwu ndi limodzi lomwe.

Funso la mayi aja ndi limene landigwiritsa cholembera. Ife olemba timathera nthawi kuunika mabuku ndi ndakatulo, koma sewero lalikulu kuposa onse m'dera lathu timangolijambula pa foni n'kuliponya pa Facebook. Gule wamkulu ndi wa mizimu, inde, ndipo za kudambwe sindizikhudza pano. Koma zimene zimachitika pabwalo, pamaso pa ana ndi alendo, ndi luso, ndipo luso limafuna woliunika. Maganizo anga ndi awa: mwambo wa Kulamba wabwezera gule ulemu umene anaulandidwa, koma mmene bwalo la tsiku lalikulu limayendera, gule akuoneka kwambiri pamene mawu ake akumveka pang'ono.

Ndiyambe ndi ulemuwo, poti ngwaukulu. Kulamba ndi tsiku limene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi kudzapereka mphatso ndi kunena mmene anthu awo akukhalira. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu mu 1934, ndipo unakhala chete zaka 50 mpaka Kalonga Gawa Undi X Chivunga anauutsanso mu 1984. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la mayiko atatu onsewo. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi ku Mkaika kuonera zilombo zimene agogo athu ankachotsedwa nazo mumpingo. Amene anakulira pafupi ndi mishoni amadziwa kulemera kwa zimenezi. Ine ndili mwana, kunena kuti kwanu kuli dambwe kunali ngati kuulula matenda. Lero mwana wa ku Kawaza kapena kwa Pembamoyo amatchula gule wa kwawo mutu uli m'mwamba. Mwambo wa Kulamba uli ndi gawo lalikulu pa kusintha kumeneku, ndipo palibe chimene ndinene m'munsimu chimene chingafafanize mfundoyi.

Tsono gule ndi chiyani akakhala kwawo? Ndimuyeze ndi mpalo wa amalume anga, umene unachitika m'mudzi mwathu chimanga chitalowa m'nkhokwe. Pabwalo lotere pamakhala olankhula anayi. Pali mbalule, ng'oma imene imaitana chilombo, kuchilondola ndi kuchidzudzula chikaphonya phazi. Pali chilombo chenichenicho, chimene chimayankha ndi miyendo ndi chiuno. Pali amayi, amene amalandira nyimbo n'kuikuza ndi m'manja. Ndiye pali ife oonera, amene timaseka, kukuwa, kuthawa ndi kusupa. Mukachotsa mmodzi mwa anayiwa, nkhani imaduka.

Tsiku limenelo kunatuluka chilombo choyenda mopepesuka, chitakoleka thumba lopanda kanthu paphewa. Nyimbo yake inali yatsopano. Inkanena za bambo amene analandira feteleza wa kopaletivu, nakamugulitsa kumalire, ndalama zonse n'kuthera m'mabotolo, mkazi wake n'kumalima ganyu. Dzina silinatchulidwe, koma bwalo lonse linadziwa mwini nkhani, ndipo iye anali pomwepo. Amayi anabwereza nyimboyo mpaka anthu kugwa ndi phwete. Kenaka mkuluyo anadzuka, nalowa m'bwalo, nasupa chilombocho. Kumeneko kunali kuvomera mlandu, ndipo mudzi unamulandira. Palibe mfumu imene inaitanitsa bwalo la milandu, palibe amene anatukwanidwa. Zonsezi zinatheka chifukwa mawu anamveka, nthawi inalipo, ndipo oimba ndi oimbidwa ankamwa madzi a chitsime chimodzi.

Gule wakhala wodzudzula chotere kuyambira kale. Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, anabadwa pamene Achewa ankafuna kuseka anthu amene sakanatha kuwayankha pamaso. Maliya naye anatuluka m'nthawi imene amishoni ndi eni dambwe ankalimbirana mitima ya anthu. Bambo Claude Boucher a ku Mua, m'buku lawo la mu 2012 lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, sanangojambula nkhope za zilombo. Analembanso nyimbo zake, chifukwa anazindikira kuti chilombo chopanda nyimbo yake ndi mwambi woduka pakati. Nkhope imakuuza kuti wabwera ndani. Nyimbo ndiyo imakuuza chimene wadzera.

Ku Mkaika pa tsiku lalikulu, zinthu zitatu zimasintha. Choyamba ndi nthawi. Magulu ndi ambiri, zolankhula za akuluakulu ndi zazitali, dzuwa silidikira. Gulu lililonse limapatsidwa kamphindi, ndipo mbalule isanatenthe n'komwe, lina layamba kale kulowa. Nyimbo ya gule imakoma pobwerezabwereza, pamene tanthauzo lachiwiri limayamba kusuzumira kuseri kwa loyamba. Kamphindi sikalola zimenezi.

Chachiwiri ndi liwu. Maikolofoni amakhala m'manja mwa wolengeza, pamene amayi amaimba ndi kukhosi kwawo kokha pakati pa chikhamu. Sindikunyoza olengeza. Ambiri ndi odziwa mwambo, ndipo mlendo wochokera ku Lusaka kapena kunja amafunadi womuthandiza. Vuto ndi loti kufotokoza kumalowa m'malo mwa chinthu chofotokozedwacho. Chilombo chimene kumudzi chimaseketsa, kuopseza ndi kuchititsa manyazi nthawi imodzi, pano chimasanduka chiganizo chimodzi chaulemu: ichi chikutiphunzitsa kulemekeza makolo, icho chikutiphunzitsa kupewa chiwerewere. Si bodza ayi, koma kuli ngati kupatsa munthu chigaga cha mango n'kumuuza kuti zipatso zake zinali zotsekemera.

Chachitatu ndi kumene gule amayang'ana. Kumudzi bwalo ndi lozungulira, ndipo chilombo chimatha kulunjika aliyense, ngakhale nyakwawa. Ku Mkaika kuli kutsogolo ndi kumbuyo. Kutsogolo kuli misasa ya alendo olemekezeka ndi makamera, kumbuyo kuli ife a padzuwa. N'zoyenera kuti ovina apereke ulemu kwa Kalonga, pakuti ndicho tadzera. Koma chotsatira chake n'choti oonera wamba, amene kumudzi ndi mbali ya sewero, pano amangosuzumira pamapewa a anzawo.

Bwalo lotere limasankha lokha zilombo zolikomera. Makanja akamayenda pamwamba pa mitu ya anthu, aliyense amaona, ngakhale ali kutali. Gologolo akakwera pamtengo wake, mafoni onse amakwezedwa. Kasiyamaliro akamazungulira, ulemu wake sufuna womasulira. Zimenezi ndi zokongola ndithu, ndipo nanenso ndimakuwa nawo. Koma chilombo chimene mphamvu yake ili m'nyimbo ndi m'kayendedwe kakang'ono ka phewa chimazimirira. Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti anyamata amabwerera kumudzi ataphunzira kuti gule wabwino ndi wodabwitsa maso. Chaka ndi chaka ndikuona magulu akulimbikira zokwera ndi zodumpha, pamene opeka nyimbo akukalamba opanda owalowa m'malo.

Matendawa safalikira ku Mkaika kokha. Ku Sinda ndinapezekapo pa msonkhano wina wa zachitukuko kumene gule anaitanidwa kuti adzakope anthu. Nyimbo anachita kupatsidwa ndi okonza msonkhano, yonena za kuipa kwa maukwati a ana. Uthengawo ndi woona, ndipo mafumu athu akuulimbikira moyenera. Koma nyimboyo inali ngati chikwangwani cha pachipatala. Inalibe munthu mkati mwake, inalibe nthabwala, inalibe mbola. Anthu anaombera m'manja mwaulemu n'kumadikira zakumwa. Ndinaganiza mumtima kuti amayi a kwathu akanapatsidwa mutu wokhawo n'kusiyidwa, akanapeka nyimbo ya nkhalamba yonyamula sikono kukadikira mwana wa sukulu panjira, ndipo nkhalamba zina zikanasowa poyang'ana. Gule wouzidwa chonena amataya chimene chinachititsa kuti aitanidwe.

Nditafotokoza maganizo amenewa kwa mkulu wina wa kwathu, amene wapita ku Mkaika kuyambira m'ma 1980, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa kuti, "Mphwanga, kodi unapita ku mpalo kapena ku Kulamba?" Mfundo yawo inali yoti pa tsikulo gule ndi mphatso imene mfumu imabweretsa kwa Kalonga, monga mmene ena amabweretsera mbuzi kapena chimanga. Mphatso sukhala nayo tsiku lonse m'manja, umapereka n'kupatuka. Anawonjezera kuti si nyimbo iliyonse yoyenera kukuzidwa pamaso pa alendo ndi pa wailesi yakanema. Zina ndi za m'mudzi, ndipo phokoso la bwalo limazitchinjiriza. Mawu amenewa ndawasinkhasinkha, ndipo mbali yaikulu ndikuwavomera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Komabe ndikuti, ngati gule ndi mphatso, tiyeni tiipereke yathunthu. Ndipo ngati Kulamba ndi tsiku limene mafumu amanena za umoyo wa anthu awo, nyimbo za amayi ndi lipoti lomwe, mwina loona kuposa lolembedwa papepala.

Chimene chimanditonthoza ndi usiku. Amene amafika Loweruka m'mawa n'kubwerera madzulo sadziwa kuti mwambo weniweni wa oimba umachitika masiku a m'mbuyo mwake, m'misasa ya udzu imene magulu amagonamo. Kumeneko kulibe wolengeza. Ng'oma za ku Dedza zimayankhana ndi za ku Chadiza, amayi a ku Angonia amaimba Chichewa chothira mawu a Chipwitikizi, a ku Kasungu n'kumaseka katchulidwe kathu ifenso n'kumaseka kawo. Chitelele ndi chimtali zimavinidwa mpaka nkhuku kulira. Munthu umamva nyimbo ya mtengo wa soya, ya mwamuna amene anapita ku Johannesburg osatumiza ngakhale uthenga, ya apongozi olowerera. Malire amene anagawa ufumu wa Undi pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi amasungunuka pamoto umodzi. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unalepheretsa mwambowu, anthu a kwathu sankadandaula za zolankhula za pa tsiku lalikulu. Ankadandaula za usiku umenewu.

Ndiye ndikupempha zinthu zochepa. Kwa okonza mabwalo athu onse, aakulu ndi aang'ono: wolengeza anene zake chilombo chisanalowe, ndipo ng'oma ikayamba akhale chete. Maikolofoni imodzi ipite kwa amayi, pa nyimbo zimene eni gule avomereza kuti zimveke. Ndi bwino kuona magulu ochepa mokwanira kusiyana ndi kuona ambiri mothamanga. Kwa mawailesi athu, monga Mphangwe ku Katete ndi Breeze FM ku Chipata: nyimbo za m'misasa ndi nkhokwe imene ikudikira wotapa, malinga mupemphe kaye kwa eni ake. Julius Chongo anationetsa kale pa Poceza m'Madzulo kuti liwu lokha, lopanda chithunzi, limatha kusonkhanitsa dziko lonse pabwalo limodzi. Ndipo kwa ife olemba: amayi opeka nyimbozi ndi alakatuli anzathu. Amadziwa kubisa dzina n'kuulula munthu, luso limene ambiri a ife tikulisakabe m'mabuku. Tiyeni tikhale nawo pansi, tiphunzire, ndipo tilembe za ntchito yawo ndi ulemu umene timapereka kwa olemba a mayina.

Pobwerera Lamlungu, lole yathu ikugwedezeka m'maenje, ndinafunsa azakhali anga amene anatsogolera nyimbo ija kuti ankaimba chiyani. Anaseka, nati inali ya msewu womwewu, umene umalonjezedwa chisankho chilichonse, ndi ya mayi wapakati amene anachirira pa ngolo asanafike kuchipatala. Anaipeka dala chifukwa anamva kuti akuluakulu a boma adzakhalapo. Anayeserera milungu itatu. Ndinawafunsa ngati zinawapweteka kuti sinamveke. Anakonza chitenje chawo, nayang'ana fumbi limene tinkalisiya m'mbuyo, nati chaka chamawa adzaimbanso, ndipo adzaima pafupi.