Paul Ngozi ndi luso loyimba ndi pakamwa pawiri

Mu Okutobala 2024, woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid". Pakati pa nyimboyo pamamveka bambo wina akuyimba m'chinenero chomwe omvera ambiri kunjako sanachizindikire. Ife kuno sitinasowe womasulira. Chinali Chinyanja cha mu Lusaka, ndipo bamboyo ankachenjeza mlendo kuti akafika pakhomo pa eni azikhala ndi ulemu, asamalongolole. Mawuwo, pamodzi ndi gitala yolira ngati chigayo, anawatapa m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya gulu la Ngozi Family, yomwe ili m'chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977. Mwini mawu ndi mwini gitala anali munthu mmodzi, Paul Ngozi, yemwe pamenepo n'kuti atagona m'manda zaka 35.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira ku Chibolya, imodzi mwa makomboni osaukitsitsa a mu Lusaka. Dzina la Ngozi analipata chifukwa cha zomwe ankachita akakwera pa siteji. Dziko la Zambia likulandira ufulu mu 1964, iye anali mnyamata wa zaka 15, ndipo makutu a anyamata a m'tauni masiku amenewo anali ku zimbale za Beatles ndi Rolling Stones, kenaka Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. Ndalama za mkuwa zinkalowetsa magitala amagetsi m'mabala ndi m'maholo a m'matauni a migodi. Ngozi anadutsa m'magulu angapo, kuphatikizapo Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, asanakhazikitse lake, momwe Chrissy Zebby Tembo ankaomba ng'oma ndipo Tommy Mwale ankagwira besi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwe naye ankayimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wayilesi zikhale za m'dziko momwemo. Wayilesi inachita njala ya nyimbo, makampani a zimbale anathamangira oyimba, ndipo mu 1976 kampani ya Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo inatulutsa Day of Judgement, chimbale choyamba cha Ngozi Family. Mayimbidwe a m'badwo umenewu ndi omwe amatchedwa Zamrock.

Munthu womva chimbalechi koyamba amaganiza kuti sipika yang'ambika. Gitala imachita kukhadzula, kusasa mawu, ngati malata akukwekwesedwa pa simenti. Ambiri amafulumira kunena kuti ndi umphawi wa zipangizo. Umphawiwo unalipodi, koma kusasa kumeneku kunali kochita kufuna. Kumachokera m'kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa fuzz, komwe kamakhala pakati pa gitala ndi ampulifaya. Kabokosika kamakuza mphamvu yochokera ku nsambo mpaka kupyola muyeso, n'kuyidula nsonga, ndipo liwu lomwe likanatuluka losalala limatuluka la mano. Chiyambi chake chinali ngozi yeniyeni: ku Nashville makina ojambulira anawonongeka pojambula nyimbo ya Marty Robbins yomwe inatuluka mu 1961, anthu anakonda kuwonongekako, ndipo pofika 1962 kampani ya Gibson inali ikugulitsa kabokosi kochita dala zomwezo. Keith Richards wa Rolling Stones anakatchukitsa mu 1965, Hendrix n'kukasandutsa chinenero.

Kabokosika kali ndi malamulo ake, ndipo luso la Ngozi limayambira pa kuwamvera. Ukakhwatcha nsambo zonse zisanu ndi imodzi fuzz ali woyatsa, mawu amasakanikirana n'kukhala phala. Woyimba wanzeru amagwira nsambo ziwiri zokha zikuluzikulu, kapena imodzi, n'kuumba kachidutswa kakafupi kobwerezabwereza komwe oyimba rock amati riff. Tayerekezani ndi gitala ya rumba ya Franco wa ku Kinshasa, yomwe inkamveka m'mabala a dera lonse lino zaka zomwezo: Franco amatunga mikanda, timawu tambirimbiri toyera totsatizana. Ngozi amatema ndi nkhwangwa, kutema kanayi kapena kasanu pamalo amodzimodzi mpaka mtengo utagwa. Mphatso ina ya fuzz ndi yakuti liwu silifa msanga. Nsambo ya banjo ukayikhwatcha imalira n'kuzima pomwepo, pomwe ya Ngozi imakhalabe ikulira, ndipo chala chakumanzere chimapeza mpata woyikankhira m'mwamba, liwu n'kupindika ngati la mayi wolira maliro. Apa ndi pomwe chitsulo chimayamba kumveka ngati kholingo la munthu.

Gulu la anthu atatu lili ngati mafuwa: limodzi likasuntha, mphika wagwa. M'gulu lalikulu mumakhala gitala yachiwiri yophimba mipata, koma mwa atatu mulibe pobisala. Ngozi akasiya riff n'kukwera kumawu ang'onoang'ono kukasewera yekha, pansi pamatsala besi ndi ng'oma basi. N'chifukwa chake Tembo sangasiyidwe m'nkhani ya luso la Ngozi. Ng'oma zake sizingosunga nthawi. Zimagudubuzika, zimadzaza mipata, nthawi zina zimachita ngati zikufuna kumpitirira mwini gulu. Yemwe akufuna kumva gitala ya Ngozi itapumula ku ntchito yotsogolera amvere My Ancestors, chimbale cha Tembo, momwe woomba ng'omayo ndiye akuyimba ndipo Ngozi ali kumbuyo. Mumamveka munthu wodziwa kuperekeza mnzake, luso lomwe akatswiri ambiri a gitala alibe.

Koma ntchito yovuta kwambiri ndi ya munthu woyimba pakamwa uku dzanja lili pa nsambo. Aliyense amene anayesapo amadziwa msampha wake. Dzanja lamanja limafuna kuyenda mofanana ngati wotchi, pomwe mawu a pakamwa amatalika apa, kufupika apo, motsata chiganizo. Ukasamala dzanja, lilime limapunthwa. Ukasamala lilime, dzanja limasochera. Woyimba blues B.B. King anathana nalo vutoli posiyiratu kukhwatcha akamayimba: iye akatseka pakamwa m'pamene gitala yake, Lucille, inkatsegula pake. Ngozi anatenga njira yapakati. Akamayimba, gitala imatsika n'kumangogunda pansi ngati munsi mu mtondo. Akamaliza mzere, womwe kawirikawiri umakhala waufupi, gitala imadzuka n'kumuyankha. Munthu mmodzi akukhala wotsogolera nyimbo ndiponso gulu lovomera.

Khutu lathu silisowa kuphunzitsidwa zimenezi. Ndi momwe amayi amayimbira posinja, ndi momwe nyimbo imayendera pa bwalo la gule ndi pa siwa usiku: wina aponya, ena alandira. Oyimba blues a ku America, omwe rock inachokera kwa iwo, anasunga mwambo womwewo wa makolo awo ochokera ku Africa. Choncho pamene mnyamata wa ku Chibolya ankaphunzira kwa Hendrix, gawo lina la zomwe ankaphunzirazo linali katundu wa kwawo wobwerera atavala jekete lachilendo. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake nyimbo zake zabwino sizimveka ngati zobwereka.

Liwu lake la pakamwa silinali lokoma monga timanenera kukoma kwa woyimba kwaya. Linali louma, lokalipa, la munthu wolankhula ndi mnansi kudutsa mpanda. Ndipo apa ndi pomwe pali chinthu chomwe chimandigwira mtima kwambiri. Ku London ndi ku Birmingham phokoso la gitala yotereyi linali chida cha achinyamata chogalukira makolo. Ngozi anatenga phokoso lomwelo n'kulisenzetsa malangizo. Taonani mitu ya nyimbo zake: "Kumanda Kwa Bambo Wanga", "Atate", "Chenjelani", "Ulesi Tileke". Ndi nkhani za manda, za bambo, za ulesi, za miseche, zomwe nkhoswe kapena malume angakambe pakhonde. Chimbale cha The Ghetto chimayang'ana maso ndi maso moyo wa mu komboni, njala ya ana ndi kutaya mtima kwa akulu, ndipo muli nyimbo yoletsa munthu kudzipha. Wovala ngati chigawenga, wolankhula ngati mkulu wa mpingo: kusagwirizana kumeneku ndiye mchere wa Zamrock ya Ngozi.

Chinenero nacho chimasintha kakhwatchidwe. Mawu a Chinyanja amathera pa lembo la liwu, ndipo timakoka mphatikizo wotsatana ndi womaliza. Ngozi akamayimba m'Chinyanja, mzere umakhala ndi chiuno, umagwedera, ndipo ng'oma ndi gitala zimakakamizika kugwedera nawo. Akamayimba m'Chingerezi, makamaka nyimbo za chikondi, nthawi zambiri amangotola mawu omwe anamva m'zimbale za ena, ndipo nyimboyo imayenda chowongoka ngati msilikali. Zina mwa izo, monga "Hold On", zimapulumuka chifukwa cha mphamvu ya gitala yokha. Koma si mwangozi kuti nyimbo yomwe yawoloka nyanja patatha zaka 47 ndi ya m'chinenero chake.

Zofooka zinalipo, ndipo kumulemekeza sikutanthauza kuzibisa. Ankadziwika ndi kukhwatcha gitala ndi mano, monga Hendrix, ndipo anthu ankakuwa. Chimenecho n'chionetsero chokopa maso. Pa chimbale mano samveka, chimamveka n'chala. Ma riff ena amayandikira kwambiri kwa Black Sabbath moti umachita kuona mthunzi wa woyimba gitala wawo, Tony Iommi. Pena akamasewera yekha amazungulira malo amodzi osadziwa potulukira. Zimbale zinkajambulidwa mothamanga, motsatizana, ndipo zimamveka: apa besi yamira, apo mawu aphimbidwa, apo nyimbo yatha mwadzidzidzi ngati magetsi azima. Anthu ena a kunja amatamanda zolakwika zimenezi ngati kuti ndizo ubwino wake. Ine sindigwirizana nawo. Kusasa kwa gitala kunali kusankha kwa mmisiri, pomwe kumira kwa besi kunali kusowa kwa nthawi ndi ndalama, ndipo woweruza wachilungamo ayenera kusiyanitsa ziwirizi.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo chuma cha Zambia chinayamba kutsetsereka. Chimbale chinasanduka chinthu cha anthu opeza bwino. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndege za boma la Rhodesia zitayamba kuponya mabomba m'dzikomo polondola omenyera ufulu, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo gulu lodalira madansi a usiku linasowa podyera. Disco ndi kalindula zinalanda mabala. Kenaka Edzi inasesa m'badwo wonse wa oyimbawo, moti m'gulu lotchuka la WITCH, mwa omwe analiyambitsa, anatsala Emmanuel Jagari Chanda yekha. Ngozi anapitiriza kuyimba ndi kujambula m'zaka zovutazo mpaka anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Zimbale zake zinabwerera m'manja mwa anthu kudzera ku kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, yomwe inazisindikizanso. Tiwathokoze alendowo, koma manyazi atigwireko pang'ono kuti nyimbo ya m'chinenero chathu tinakayimvera kwa Tyler. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene wagwira gitala lero ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete, phunziro la Ngozi silili m'mano kapena m'kabokosi ka fuzz. Pezani 45,000 Volts, muyimvere kawiri. Ulendo woyamba tsatirani pakamwa pokha, wachiwiri tsatirani gitala yokha, ndipo muone momwe chimodzi chimakhalira chete kuti chinzake chilankhule. Mukatero tengani gitala yanu, muyimbe za pakhomo panu m'chinenero chanu.