Woitanitsa Chosema Aphunzire Kudikira

Ku Chipata, luso losema silinayambe ndi alendo odutsa pamsewu wa ku Mfuwe popita kukaona nyama ku South Luangwa. Mtondo ndi munsi, chipande, mpando wa ndalema, ngakhale ng'oma zimene zimalira pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kufupi ndi Katete, zonsezi n'zotuluka m'manja mwa mmisiri wa sompho. Lero anthu amaitanitsa zosema za kumtima kwawo: mtanda wa m'tchalitchi, ndodo ya mfumu, chifaniziro cha agogo. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amangoonetsa chithunzi cha pafoni, n'kutchula tsiku lodzatenga. Luso limafera pomwepo.

Mmisiri weniweni amayamba wachitembenuza chipika, kuona kumene mitsempha yake yalowera, pamene pali mfundo ndi pamene palowa chiswe. Mlombwa uli ndi mtima wofiirira, sompho amaulowa bwino ndipo supindika ukauma. Phingo ndi wakuda m'kati, woyererako kunja, wolimba moti tchizulo chimabuntha msanga. Katswiri sachotsa kuyera konseko: amasiyako mzere kuti ukhale duku pamutu pa mayi kapena mkanda m'khosi. Chithunzi cha pafoni sichingamuuze zimenezi. Amene amamuuza ndi mtengo.

Kufulumiza kumabala zilema ziwiri. Choyamba ndi mng'alu. Chipika chachiwisi chimauma kunja m'kati mukadali madzi, ndipo pakapita miyezi nkhope yosemedwa bwino imang'aluka kuyambira pamphumi. Chachiwiri ndi chinyengo cha polishi wa nsapato, wopakidwa pa mtengo wofewa kuti uoneke ngati phingo. Polishiyo pamodzi ndi sandipepa wochuluka amafafaniza mapazi a sompho, chonsecho m'mapazimo ndi mmene timadziwira dzanja la mwini ntchito.

Pali chitsanzo chabwino ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Amisiri a kumeneko asemera matchalitchi nkhani za m'Baibulo, koma nkhope, zovala ndi makhalidwe n'za anthu a kwathu. Anapatsidwa nkhani, maonekedwe anapeza okha. Woitanitsa wa ku Chipata achite chimodzimodzi: afotokoze mmene agogo ankakhalira pamphasa, mmene ankagwirira khasu, kenako asiyire mmisiri.

Woitanitsayo afunsenso kumene mtengowo wachokera. Dziko la Zambia linaona mmene mtengo wa mukula unapululukira chifukwa cha misika ya kunja, mpaka mu 2019 unaikidwa pamndandanda wa CITES wa mitengo yoyang'aniridwa pa malonda. Mtengo wogwa wokha, kapena chitsa chotsala m'munda, nthawi zambiri umakhala utauma kale ndipo susowetsa nkhalango.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna chosema chimene adzukulu ake adzachipeze chili chosang'aluka alipire mmisiri nthawi yoyanika chipika ndi yochilingalira, osati masiku ogwira sompho okha.